Uthenga wa a Msukwa Umene Sindinaumalize

Chisenga, chaka chimene ndinakwatira mayi anu

Tadala ndi Mphatso, za ubwana wanga ku Ntcheu ndikudumpha, chifukwa agogo anu anakuuzani kale, ndipo anawonjezerapo ndi zina zimene sizinachitike n'komwe. Ndiyambira tsiku limene lole inanditsitsa ku Chisenga, ndili ndi sutikesi yachitsulo, bulangete limodzi, ndi kalata yonena kuti ndine wothandizira pa ntchito ya zankhalango. Ndinaima pamsewu fumbi likukhazikika, ndikuyang'ana mapiri a Mafinga amene anali obiriwira m'munsi ndi otuwa pamwamba. Mumtima ndinati kunoko ndikhala zaka ziwiri basi, kenako ndibwerere kumwera. Boma la Chitipa ndinalichoka imvi zili mbuu.

Bwana wanga woyamba anali a Chirwa, munthu wamtali wa ku Rumphi, wosathamanga ngakhale mvula impeze pabwalo. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi, tebulo limodzi, mipando iwiri, ndipo umodzi unali wa miyendo itatu ndi njerwa. Zosowa zinali zambiri kuposa zopezeka. Mapepala akatha tinkalemba kuseri kwa makalata akale. Machubu a njinga tinkawamata mpaka zigamba kuchuluka kuposa chubucho. Nkhani ndi a ku boma inkayenda pa kalata, kalatayo inkadikira lole, ndipo lole inkadikira kuti msewu uume. Ndikukumbuka kuti tinapempha majombo mvula itangoyamba. Yankho linafika chimanga chitakhwima, likufunsa kuti timavala saizi yanji.

Moyo umenewo unali ndi kukoma kwake. Ukatumiza kalata unkaiiwala, n'kumapitiriza kufesa mbewu za mitengo ku nazale, ndipo yankho linkakupeza mkwiyo utatha kalekale. A Chirwa akalemba kalata yaukali sankaipereka kwa dalaivala tsiku lomwelo. Ankaiika m'dilowa.

"Igone kaye, a Phiri," ankatero. "Mawa tiione ngati ikadali ndi mano."

Makalata ambiri a mtundu umenewo anathera poyatsira mbaula yophikira tiyi. Ine ndinkaseka, ndikumati ndi mantha a anthu achikulire.

Misuku, kuyambira chaka chimene Mphatso anayamba sukulu

Anandisamutsira ku Misuku kuti ndikayang'anire alonda a nkhalango ya Mughese. Inu munakulira kumeneko, koma simukudziwa mmene malowo amaonekera kwa munthu wobwera. Nkhungu imadzuka m'zigwa m'mawa, n'kukwera pang'onopang'ono m'minda ya khofi ndi nthochi, kenako imameza nyumba, tchalitchi, ng'ombe, munthu n'kutsala ndi mawu okhaokha. Unkamva mayi akuitana mwana wake kutsidya, mawuwo n'kufika ngati ali pakhonde pako. M'nkhalangomo masana amakhala ngati m'bandakucha, madzi amadontha m'masamba ngakhale kulibe mvula, ndipo anchima amakuyang'ana ali pamwamba osachita nawe kanthu. Masiku ena ndinkatuluka m'menemo osadziwa ngati ndayenda ola limodzi kapena maola anayi.

Amene anandiphunzitsa njira zonse za m'nkhalangoyo ndi a Msukwa, mlonda wamkulu, mbadwa ya komweko. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, ambulera m'khwapa chilimwe ndi dzinja lomwe, komanso mkulu wa mpingo. Chichewa chawo chinkabwera ndi Chitumbuka ndi Chisukwa chomwe, ndipo sichinkafulumira. Pa mapepala ine ndinali bwana wawo, koma m'nkhalango ndinali mwana wa sukulu. Nyumba zathu zinatalikirana mtunda woti ukaitana mokweza amva. Tinagwira ntchito limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pamene iwe Tadala unathyoka mwendo, ndi iwowa amene anakubereka kukafika nawe kuchipatala.

Zaka za mafoni

Mafoni a intaneti atafika, kwathu kuchigwa anafika opanda netiweki. Inkapezeka malo amodzi okha, pamwala wafulati pamwamba pa chitunda, ulendo wa ola limodzi kukwera. Anthu anautcha mwalawo positi ofesi. Nthawi zina foni inkakoka netiweki ya ku Tanzania n'kukulonjera m'Chiswahili, iwe uli m'dziko lako lomwe.

Poti ulonda wa a Msukwa unkadutsa pamwalapo m'mawa uliwonse, tinapangana njira. Aliyense ankalemba mauthenga ake madzulo n'kudina kuti apite, ndipo ankangokhala m'fonimo ndi kawotchi kakang'ono m'mbali, kudikira. M'mawa a Msukwa ankazungulira, kutolera foni yanga, ya anamwino, ya aphunzitsi awiri ndi ya abusa, n'kuziika m'jumbo kuopa chinyezi. Akafika pamwala ankaziyala ngati makaka. Mafoni ankanjenjemera, olowa kulowa, otuluka kutuluka, ndipo masana ankatibwezera aliyense yake. Sanatsegulepo foni ya munthu ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaganiza kawirikawiri za nkhani zimene zinkakwera phiri m'jumbo imeneyo, za maliro, za zibwenzi, za mayeso a ana, zonse zikugwedezeka pamsana pa munthu mmodzi amene sankadziwa ngakhale imodzi.

Ku ntchito anatitsegulira gulupu ya pa foni, ya onse oyang'anira nkhalango m'boma lathu. Alonda munalibe. Anzanga a kufupi ndi tawuni ankayankhana pompopompo, funso n'kuyankhidwa lisanazizire. Ine zanga zinkafika mawa lake, nkhani itapita kale patsogolo, moti anzanga ananditcha Mbiri Yakale. Ndinkaseka nawo, koma kunena zoona zinkandiwawa. Ndinayamba kuyankha mofulumira nthawi iliyonse imene ndapeza netiweki, kuti ndioneke kuti nanenso ndilipo.

Januwale, chaka changa chomaliza pa ntchito

Tinaitanidwa ku boma ku maphunziro a sabata yathunthu. Ndinali nditatsala ndi miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume, a Msukwa chaka chimodzi. Lachitatu, mphunzitsi ali pakati pofotokoza, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wamawu wochokera kwa a Msukwa, wa mphindi zinayi. Iwo sankakonda kulemba, ankati zala zawo n'zazikulu. Ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, foni ili kukhutu.

"Mwaghona bwana. Ndine Msukwa. Mwauka uli kumeneko ku boma? Ife kuno tauka makora, Chiuta watisunga. Amama kunyumba kwanu ali bwino, dzulo ndinawaona akuanika nyemba pakhonde. Mvula yagwa masiku atatu osapuma. Khofi wa m'munsi muja akuoneka bwino chomene, koma nthochi za abusa ziwiri zagwa..."

Munthu wamkulu wa kwawoko sayamba ndi nkhani. Amayamba ndi moni, afunse za thupi lako, akuuze za kwanu, za mvula, za ziweto, ndipo chimene wabwerera chimabwera pomalizira, mwaulemu, ngati wangochikumbukira. Ine ndinkazidziwa bwino zimenezi. Koma mphunzitsi anali atandiona, anzanga akutembenuka, ndipo ndinati awa ndi malonje chabe, mdala wandisowa. Ndinaimitsa uthengawo usanathe ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo ndinalemba mofulumira kuti: "Zikomo a Msukwa, ndamva zonse. Palibe vuto, pitirizani." Ndinabweza foni m'thumba n'kuyamba kukopera za pabolodi. Ndinati ndidzaumaliza madzulo, ndipo madzulowo tinapita kukaonera mpira.

Sabata yotsatira

Ndinabwerera ku Misuku Lamulungu. Lolemba masana a Msukwa anandibweretsera foni monga mwa masiku onse, tinapatsana moni, iwo n'kupitirira kwa anamwino. Nditatsegula gulupu ndinapeza chithunzi chimene chinaikidwa ine nditachoka kale ku boma. Mnzanga wina anali atabwera Loweruka ndi alendo oonera mbalame, ndipo anajambula chitsa cha mtengo waukulu wachilengedwe m'mphepete mwa Mughese, chodulidwa kumene, utuchi ukadali woyera. Pansi pake panali mawu a bwana wathu wa ku boma, munthu wachinyamata koma wolimbikira ntchito: "A Phiri, ndikufuna dzina la amene wachita izi pofika mawa." Pansi pa mawuwo anzanga anali atathirapo ndemanga zambiri. Wina anati Mbiri Yakale adziwa chaka chamawa kuti nkhalango yake yatha.

Ndinavala majombo n'kupita kukaona ndekha. Chitsacho chinali m'dera la a Msukwa. Nthambi zinali zitaunjikidwa bwinobwino mbali imodzi, ndipo mozungulira panali mbande zitatu zobzalidwa kumene, iliyonse ndi timitengo toitchinga. Wakuba sabzala mbande, ndipo kaunjikidwe ka nthambi kameneko ndinkakadziwa mwini wake. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kudzifunsa. Akanatsatanso mkukuluzi wa thunthulo kuti aone kumene unalowera. Ine ndinangoona kuti munthu amene ndinkamukhulupirira wandichititsa manyazi pamaso pa anzanga, mvula inayamba, ndipo ndinabwerera kunyumba.

Dzuwa lisanalowe a Msukwa anadutsa pakhomo akuchokera ku kwaya. Anaima, anafunsa za ulendo wanga, za msewu, za bondo langa. Ndinayankha zonse. Funso langa linali pakamwa, koma sindinalitulutse. Ndinaopa kuti akandiyankha kuti inde ndadula, ndidzasowa poyang'ana. Kulemba kunali kosavuta, chifukwa foni ilibe maso. Atangopita ndinakhala pakhonde n'kulemba pa gulupu kuti: "Bwana, mtengowo wadulidwa m'dera la mlonda Msukwa, ndipo zikuoneka kuti iyeyo akudziwapo kanthu. Ine sindinauzidwe." Kawotchi kanaoneka m'mbali mwa uthengawo. Mawu a a Chirwa anandibwerera, ndipo ndinadzinamiza kuti nanga si uthengawu ugona mpaka mawa. Unagonadi, koma sindinautsegulenso kuti ndiuone.

M'mawa mwake a Msukwa anafika ndi jumbo yawo.

"Mwauka uli bwana? Kuli makalata lero?"

"Alipo, a Msukwa."

"Yewo. Tikawaponye."

Ndinawapatsa foni ndi manja anga awiri. Anaipukuta ndi mkono wa jekete, anaiika pamodzi ndi zinzake, ndipo nkhungu inawalandira asanafike ndi pa mpanda pomwe.

Patapita mwina theka la ola, pakhomo panafika amayi awiri a kutsidya kwa mtsinje, atasenza mkoko wa nthochi. Anautula, anagwada, n'kuyamba kulankhula Chisukwa. Ine ndinangotolapo mawu oti ndagha, kuthokoza. Mayi anu, amene anachiphunzira chilankhulocho kumsika ine ndikulimbana ndi mafayilo, anamasulira.

"Akuti akuthokoza chifukwa cha ulalo."

"Ulalo wanji?"

"Umene munaloleza, bambo a Tadala. Wakale unapita ndi madzi sabata yatha. Akuti a Msukwa anakufunsani pa foni muli ku boma, inu n'kuvomera tsiku lomwelo. Akuti mabwana ena akanati tidikire kalata."

Sindikumbuka ngati ndinawatsanzika amayiwo. Ndikukumbuka kuti ndinali m'njira, jombo limodzi losamanga, mayi anu akuitana kumbuyo kuti ndatenga ambulera yothyoka.

Njira ya ku mwala ndinaiyenda kambirimbiri, koma tsiku limenelo inali ngati ya kumaloto, kumene umathamanga koma osasuntha. Nkhungu inali yoti sungaone mtengo wachitatu. Bondo linkabaya. Ndinkaona mapazi a a Msukwa m'matope, aafupi, olunjika, ndi kabowo ka nsonga ya ambulera pambali pa phazi lililonse lachiwiri. Ndinaitana dzina lawo kawiri, mawu anga n'kubwerera okha. Maganizo ankangoyendayenda. Ndinakumbukira lole ya ku Chisenga, mmene unkatha kuithamangira pa njinga n'kukalanda kalata yako kwa dalaivala pa chitunda choyamba. Ndinapemphera pemphero lopusa, loti netiweki isabwere lero, popeza masiku ambiri inkatikana popanda chifukwa. Penapake ndinaima kuti ndipume, ndipo m'katikati mwa bata limenelo ndinamva kutali kaphokoso kakang'ono, mafoni akunjenjemera pamwala.

Ndinawapeza atakhala pambali, akuwerenga kabuku kawo ka nyimbo, mafoni asanu atayalidwa patsogolo pawo. Pamwamba pamenepo nkhungu inali itatsika, moti tinali ngati pa chilumba, nsonga za mapiri a ku Tanzania zikuyandama patali. Anadabwa kundiona.

"Bwana, kwagwanji? Amama ali bwino?"

Ndinatola foni yanga. Kawotchi kanali katachoka. Uthenga unali utapita, anthu anali atawerenga, ndipo bwana anali atayankha kale kuti mlondayo aimitsidwe ntchito, abwere ku boma Lachisanu.

Ndinakhala pansi pamwala wonyowawo. Ndinafufuza uthenga wawo wa Lachitatu lija, ndinauyambitsa, n'kuika foni pakati pathu. Tinamvera limodzi moni, nyemba, mvula, nthochi za abusa. Kenako mawuwo anapitirira pamene ine ndinalekezera.

"Tsono bwana, kankhani kamene ndili nako ndi aka. Ulalo wa pamtsinje wapita ndi madzi. Ana a kutsidya sakubwera kusukulu, ndipo dzulo mayi wina wapakati anaterereka pooloka, anthu anachita kumugwira chitenje. Pali mtengo uja unapendekeka ndi mphepo chaka chatha, mizu ili pamtunda, umene munati sukhalitsa. Anthu akupempha kuti tiudule ukhale ulalo. Ine ndawauza kuti mwini nkhalango kulibe, ndifunse kaye. Mukalola tidula, ndipo ndibzalapo ina. Mukakana tidikira. Yewo chomene, bwana."

A Msukwa ankagwedeza mutu, kuvomereza mawu awo omwe. Kenako anandiyang'ana, kudikira kuti ndinene chimene chandikwezetsa phiri.

"A Msukwa, uthenga uwu sindinaumalize. Ndinamvera poyamba pokha."

"Koma munati mwamva zonse."

"Ndinanama."

Ndinawauza za chithunzi, ndipo ndinawawerengera zimene ndinalemba, liwu ndi liwu, mpaka pa mawu oti ine sindinauzidwe. Ndinawawerengeranso yankho la bwana. Sanakwiye. Anatseka kabuku kawo, anakaika m'thumba la jekete, n'kumayang'ana jumbo imene inali pambali pawo.

"Ndiye kuti ndanyamula ndekha," anatero.

"Eya."

"Dzulo ndinaima pakhomo panu, bwana. Munali mutaona kale chitsa?"

"Ndinali nditaona."

Sanafunsenso china, ndipo ine ndikanakonda akanandikalipira. Manyazi amene ndinamva pamwala paja sindinawamvepo pena paliponse.

Ndinaimbira bwana pompo, poti nkhani ngati imeneyi sikanadikira mawa. Netiweki ya pamwalapo inkadula nthawi iliyonse, choncho kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalankhula ndi mkulu wanga popanda moni. Ndinati mlonda alibe mlandu, anapempha chilolezo, ndinamulola ndine osamvetsera, ndipo umboni uli m'foni. Bwana anatsitsa mawu.

"A Phiri, inu simukanayenera kuloleza pa foni mtengo wa m'nkhalango yotetezedwa, mukudziwa. Mwatsala ndi miyezi ingati?"

"Isanu ndi iwiri."

"Mvereni. Zimene mwandiuzazi zikhale pakati pa inu ndi ine. Mlondayo tingomuimitsa mwezi umodzi kapena iwiri, anthu aiwale, abwerere mwakachetechete. Mukazitulutsa pagulu ndiye kuti kalata ilowa m'fayilo yanu, ndipo ine sindidzatha kukutetezani. Zaka zonsezi mulibe banga. Taganizani kaye."

Sanali munthu woipa, ankandimvera chisoni. Ndisanayankhe foni inadula, ndipo nditayesanso inakana.

A Msukwa anali atamva zonse, poti pamwala paja panalibe pobisalira. Anayamba kutolera mafoni a anthu, imodziimodzi, kuwapukuta.

"Siyani choncho, bwana," anatero osandiyang'ana. "Ine ndili ndi khofi wanga. Miyezi iwiri si kanthu. Inu kwanu n'kutali, mupite ndi dzina labwino."

Ana anga, ndikufuna mudziwe kuti ndinaganizadi. Sindinali ngwazi. Ndinaona m'maso mwanga tsiku lotsanzikana, zolankhula, mayi anu atavala chitenje chatsopano, fayilo yoyera. Ndinaonanso a Msukwa ataimirira kutsogolo kwa mpingo Lamulungu, anthu akunong'onezana kuti mkulu uja anamuimitsa ntchito chifukwa cha mtengo. Kumudzi munthu saimitsidwa mwakachetechete. Akanabwerera ku ntchito, inde, koma dzina lija ndinaliipitsa pamaso pa anthu ambiri, ndipo kulikonza kuseri kwa chitseko sikukanalikonza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo apa wodwala m'mimba ndinali ine.

"Dikirani pang'ono, a Msukwa. Yangayi isalowe m'jumbo."

Ndinatumiza pa gulupu uthenga wawo wonse wa mphindi zinayi, pamodzi ndi chithunzi cha yankho langa lija. Pamwamba ndinalemba chachikulu poyamba, kuti ngakhale waulesi ngati ine achione: "Mlonda Msukwa alibe mlandu. Wolakwa ndine. Anapempha chilolezo, ndinavomera osamvera uthenga wake mpaka kumapeto, ndipo dzulo ndinamuneneza osamufunsa. Mverani uthengawu wonse, pempho lili kumapeto." Kawotchi kanakhala, kanakhala, ine ndili chiimire ndi foni m'mwamba ngati wopempha mvula. Kenako kanachoka.

Tinatsika phiri limodzi, iwo patsogolo. Pamalo poterera anandipatsa ambulera yawo kuti nditsamire.

Miyezi yotsiriza, ndi kuno ku Ntcheu

Kalata inalowadi m'fayilo. Anandichotsa ku Mughese, ndipo miyezi yanga yomaliza ndinaithera ku boma, m'kachipinda ka kuseri, ndikusanja mafayilo akale amene mbewa zinali zitawerenga kale. Pa gulupu palibe anandiseka. Ena anandiimbira kumbali, ena anangokhala chete, ndipo dzina la Mbiri Yakale linafa lokha. Mwambo wotsanzikana unachitika, waufupi, ndipo mayi anu anavalabe chitenje chawo. A Msukwa sanaimitsidwe ngakhale tsiku limodzi. Anamaliza chaka chawo, anapuma ndi ulemu wawo wonse, ndipo ulalo uja ndikumva kuti ukadalipo.

Ndinapita kwawo kukapepesa tisanasamuke, ndi mayi anu, titanyamula tambala. Anatilandira bwino, anapemphera nafe, ananena kuti nkhani inatha. Koma pepani sapoletsa chilonda. Miyezi imene ndinali ku boma ankanditumizirabe mauthenga a ntchito, poti wolowa m'malo mwanga anachedwa kufika, ndipo mauthengawo anali atasintha. "Bwana, mbande zafika." "Bwana, njira ya kumpoto yagumuka." Masekondi anayi, asanu, nkhani yokhayokha. Mphunzitsi wa ku maphunziro kuja akanawapatsa mphoto, chifukwa ndi mmene ankatiuzira kuti uthenga uzikhalira. Ine uliwonse unkandilasa. Munthu uja anali ataphunzira kuti bwana wake alibe nthawi yomva za nyemba ndi nthochi, ndipo amene anamuphunzitsa ndinali ine.

Kuno ku Ntcheu netiweki ili ponseponse, ngakhale m'khola la mbuzi. Inu mumandiimbira pa vidiyo, tikuonana nkhope, adzukulu akundionetsa mano amene aguluka, ndipo ndimakondwa. Koma m'mawa wina kukachita nkhungu m'phiri la kuseri kwa nyumba, ndimapezeka ndaima pakhonde ndi kapu ya tiyi wozizira, ndikumvetsera ngati kubwera munthu ndi jumbo.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndimakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuwajambulira a Msukwa uthenga. Ndimayamba ndi mwaghona, ngakhale ndimatchula mopotoka. Ndimafunsa za amama, za khofi, za kwaya, ndimawauza za mvula ya kuno ndi za mbatata zimene zakana. Nkhani ndilibe, ndimangolonjera. Ndimadziwa kuti uthengawo ukagona m'njira mpaka wina akwere ku mwala. Yankho limabwera Lachiwiri kapena Lachitatu, ndipo kwa zaka ziwiri linali limodzimodzi: "Yewo bwana, tili makora." Mayi anu anandiuza kuti ndisiye kuvutitsa mkulu wa anthu. Ndinati ndisiya akadzandiuza okha.

Mwezi watha, Lachitatu, ndikupalira m'dimba, foni inanjenjemera. Nditayang'ana, pambali pa dzina lawo panalembedwa mphindi ziwiri ndi theka. Ndinaika khasu pansi. Mawu awo akalamba, ndipo kumbuyo kunkamveka mphepo ya pamwala paja. Anati mvula yachedwa chaka chino. Anati mdzukulu wawo wakhoza mayeso, ng'ombe yabereka, abusa aja anasamutsidwa. Anati mbande zitatu zija, ziwiri zinagwira, tsopano zawapitirira msinkhu. Ndinkadikira kuti kumapeto kubwera kankhani, mwina matenda, mwina pempho. Anatsokomola pang'ono, n'kunena kuti:

"Nanga bondo lija, a Phiri, likuvutabe pokwera? Basi, ndimangofuna ndimve zimenezo."

Mayi anu anandipeza nditakhala pamzere wa mbatata, ndipo anafunsa ngati kwagwa zovuta ku Misuku. Ndinapukusa mutu. Zaka zonse zija a Msukwa anali asananditchulepo dzina langa.